Koleji ndinayamba kuikonzekera ndisanavale yunifomu ya Fomu 1

Kwathu ku Lifuwu, m'boma la Salima, mwana akangomaliza mayeso a Sitandade 8 anthu amati wapuma. Mayeso amenewa amatha mwera ukuyamba kuwomba panyanja, ndipo kuchokera pamenepo mpaka sukulu zidzatsekulire mu Seputembala palibe amene amamufunsanso mwanayo za kope. Anyamata amatsikira kudoko kukakoka nawo makoka ndi kuyanika usipa pathandala. Ife atsikana timalowa m'munda wa mpunga, kumweta, kupuntha, kupeta. Ntchito zimenezi si zoipa, ndi zimene zimatidyetsa. Koma ine miyezi imeneyi ndi imene ndinayambira ulendo wa ku koleji, ndisanadziwe n'komwe ngati dzina langa lituluke pa mndandanda wa opita ku sekondale. Ndikufuna makolo ndi ana a m'mbali mwa nyanja muno amve m'mene zinayendera, chifukwa zambiri zimene zinandithandiza sizinafune ndalama.

Amene anayambitsa zonsezi ndi amalume anga, alongo awo a mayi. Iwo sukulu analekeza Fomu 2, koma anayendetsa galimoto ku Lilongwe zaka zambiri, ndipo ambiri mwa anthu amene ankawanyamula anali a madigiri. Amalume ndi munthu wofunsa. Ali pachiwongolero ankawafunsa mabwana aja kuti kodi inu munadzera kuti, munalemba maphunziro ati, ankakulipirirani ndani. Atabwera kumudzi nthawi yokolola anandiitana pakhonde, n'kutulutsa m'chikwama tsamba la nyuzipepala lopindapinda, lothimbirira m'mbali. Chinali chidziwitso cha yunivesite choitana omaliza Fomu 4 kuti afunsire malo.

"Naphiri, werenga apa mokweza. Usathamange."

Ndinawerenga, iwo akulozera ndi chala. Pamwamba panalembedwa zimene aliyense ayenera kukhala nazo: satifiketi ya MSCE yokhala ndi makirediti 6, limodzi mwa iwo likhale la Chingerezi. Munsi mwake munali maphunziro osiyanasiyana, lililonse ndi zofuna zake. Udokotala ndi unamwino zinkafuna Biology, sayansi ndi masamu. Uinjiniya unkafuna masamu ndi sayansi zokhoza bwino kwambiri. Zaulimi za ku Bunda, zimene maso anga anakakamirapo, zinkafunanso sayansi ndi masamu omwewo. Nthawi imeneyo Bunda inali idakali pansi pa University of Malawi, isanakhale LUANAR, yunivesite ya zaulimi yoima payokha.

Pa tsiku limenelo ndi pamene ndinamvetsa kawerengedwe ka mapointi, kamene ana ambiri amakamva atafika kale Fomu 3. Pa MSCE phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndiye kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa chabe, 9 ndi kulephera. Amatenga maphunziro 6 amene wakhoza bwino n'kuphatikiza magiredi ake, choncho wokhoza koposa onse amapeza mapointi 6, ndipo nambala ikamakwera mwayi umachepa. Munthu akhoza kukhala ndi satifiketi m'manja, makolo n'kumupha nkhuku, koma chifukwa cha 7 wa Chingerezi yekha khomo la yunivesite ya boma osatseguka.

Kenako amalume anatembenuza tsamba lija n'kuyamba kulemba kuseri kwake ndi bolopeni. Sanayambire pa Fomu 1. Anayambira ku koleji n'kumabwerera m'mbuyo. "Kuti ulowe ku Bunda pafunika izi pa Fomu 4. Kuti udzalembe izi pa Fomu 4, uyenera kuzisankha polowa Fomu 3. Kuti aphunzitsi akulole kuzisankha, adzayang'ana m'mene unkakhozera ku Fomu 1 ndi Fomu 2. Nanga Fomu 1 imayamba liti?" Ndinati mu Seputembala. Iwo anati, "Ayi. Yayamba lero. M'mera m'poyamba, mpunga ukaonongeka kunazale, kumunda umangotaya feteleza."

Nkhani ya kusankha maphunziro polowa Fomu 3 ndi imene ndimafuna kholo lililonse liimvetse. Mwana wa zaka 15 amasiya Physics ndi Chemistry chifukwa anzake anena kuti n'zovuta, kapena chifukwa mphunzitsi wake ndi waukali, ndipo kunyumba palibe amene akudziwa kuti chinachake chachitika. Patapita zaka ziwiri mwana yemweyo akuti ndikufuna unamwino, koma njira inatsekeka kalekale. Ndawaona anzanga anzeru kuposa ine akubwerera kukayambiranso Fomu 3 pa sukulu ya madzulo chifukwa cha chisankho chimene anapanga tsiku limodzi, popanda wowalangiza. Si kuti mwana aliyense atenge sayansi. Mbiri yakale, Geography ndi zinenero zili ndi makomo awo abwino, monga zamalamulo ndi zauphunzitsi ku UNIMA ku Zomba. Koma asiye akudziwa chimene akusiya.

Ntchito yoyamba imene amalume anandipatsa inali Chingerezi. Nthawi yathu m'sukulu za boma ana ankaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, ndipo kuyambira Sitandade 5 maphunziro ankayenera kukhala m'Chingerezi. Koma tonse tikudziwa zimene zimachitika kumidzi: mphunzitsi amalemba Chingerezi pabolodi, n'kufotokoza m'Chichewa kuti ana amve, ife n'kuloweza mayankho. Kuloweza kumatha kukudutsitsa Sitandade 8. Ku Fomu 1 buku la Biology ndi lachingerezi kuyambira chikuto mpaka chikuto, funso la masamu limabwera ngati nkhani, ndipo mwana amene sakumva chiyankhulo amaoneka ngati wopanda nzeru pamene nzeru ali nazo.

Mabuku kunyumba kunalibe. Amalume anakambirana ndi mwini golosale wina pa msika kuti nyuzipepala zakale zimene ankakulungira katundu ndizidutsamo kaye ine. Ndinkatenga mtolo Loweruka n'kubweza Loweruka linalo. Madzulo, mayi akuphika, ndinkakhala pafupi ndi moto kuwerenga nkhani imodzi mokweza, kenako n'kuwafotokozera m'Chichewa zimene nkhaniyo ikunena. Mayi Chingerezi sakuchidziwa, koma anali mphunzitsi wovuta kunamiza. Ndikafotokoza zosamveka ankangoti, "Iyayi mwanawe, nduna singanene zimenezo. Werenganso." Ndipo ndikawerenganso ndinkapeza kuti pali mawu amene ndawalumpha. Mawu oterowo ndinkalemba m'kope lapadera, Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi n'kukafunsa aphunzitsi ena opuma ntchito amene ankakhala pafupi. Nkhani za pa wailesi ya MBC ndinkamvera kawiri, za Chingerezi ndi za Chichewa, n'kuona zimene ndinaphonya.

Makolo ambiri amati, ine sindinapite kusukulu, ndingamuthandize bwanji mwana. Mayi anga anandithandiza pongokhala pansi kumvetsera ndi kukana kunamizidwa.

Masamu sanafune zambiri. Mnyamata wina wa m'mudzi mwathu amene anali Fomu 3 anandibwereka makope ake a Fomu 1, ndipo malipiro ake anali mbale ya mpunga. Amalume anandipatsanso udindo wolemba zonse za mpunga wa chaka chimenecho: matumba amene takolola, amene tabweza kwa otikongoza feteleza, mtengo wa chigayo, kuchepa kwa mpunga ukapunthidwa, phindu likatsala. Maperesenti ndi mafulakishoni amene ndinkangoloweza ndinayamba kuwagwira ndi manja. Nditalowa Fomu 1 n'kukumana ndi masamu a zilembo, sindinachite mantha ngati anzanga, chifukwa ndinali nditawaonapo kale m'makope obwereka aja, ngakhale ndisanawamvetse onse.

Chinanso chimene chinandigwira mtima chinachitikira ku sikimu ya mpunga. Kunkabwera mlangizi wa zaulimi, mayi, pa njinga yamoto, atavala nsapato za jombo ndi chipewa. Ndinkangomuonera patali. Amalume anandikankha kuti pita ukawapatse moni, uwafunse. Ndinawapeza atawerama pa ndime ina, atazula phata la mpunga, akuwerenga nthambi zake ndi kuyang'ana mizu, matope ali mpaka m'zigongono. Ndinagwada, n'kunena kuti, "Amayi, pepani, ndimafuna ndidziwe kuti ntchito yanuyi munaphunzirira kuti." Anaseka, nasamba m'manja m'ngalande, n'kukhala nane pamzere. Anandiuza kuti anaphunzira ku Natural Resources College ku Lilongwe, kuti nawonso anachokera ku sukulu yoyendera, ndi kuti Biology ndi Agriculture ndisamazitenge ngati maphunziro ongoloweza. Anandionetsa kachirombo kamene kamaboola phesi la mpunga, mutu wa mpungawo n'kuyera wopanda njere. Moyo wanga wonse ndinkaona ngala zoyera zimenezo, agogo ankati ndi mphepo. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti pali sukulu imene imaphunzitsa chifukwa chake, ndipo munthu wamkazi ngati ine anapitako n'kubwerako.

Mwana sangalakelake chinthu chimene sanachione. Ku Salima kuno anthu oti mwana awaone alipo: anamwino ndi azachipatala pa chipatala cha boma, alangizi a zausodzi m'madoko a Senga Bay ndi Chipoka, aphunzitsi, amakaniko ndi amagetsi amene anaphunzira ku Salima Technical College, asilikali a ku koleji ya asilikali ya MAFCO. Ambiri mwa iwo mukawapempha mwaulemu kuti ayankhule ndi mwana wanu sakana. Muwafunse mafunso enieni: munalemba maphunziro ati, munapeza mapointi angati, ndalama zinachokera kuti.

Zotsatira zitatuluka ndinasankhidwira ku sekondale yoyendera, CDSS. Ndinalira. Ndinkafuna sukulu yogonera komweko, ya magetsi ndi laibulale. Achibale ena anati ndibwereze Sitandade 8 kuti mwina chaka chamawa ndidzapite ku sukulu yaikulu, monga amachitira ambiri. Amalume anakana, ndipo lero ndimagwirizana nawo. Kubwereza kumathandiza mwana amene sanamvetse zinthu, koma mwana amene wakhoza n'kumubweza chifukwa cha dzina la sukulu, makamaka mtsikana, ndi kumuonjezera chaka china chokhala pamudzi akukula, amuna akumuyang'ana. Mayeso a MANEB ndi amodzi dziko lonse. Pepala limene amalemba wa ku sukulu yotchuka ndi lomwelo limene amalemba wa ku CDSS.

Sindikubisa kuti kusiyana kulipo. Sukulu yathu inalibe labotale, mabuku tinkagawana anthu ambiri buku limodzi, ndipo nthawi ina tinatha teremu yonse popanda mphunzitsi wa sayansi. Apa ndi pamene kukonzekera msanga kunandipulumutsa. Popeza ndinkadziwa kale zimene Bunda ikufuna, sindinadikire kuti sukulu indipatse. Tinapangana anthu ochepa kumakumana masana pansi pa mtengo wa mango, aliyense n'kukonzekera mutu umodzi kuti aphunzitse anzake. Pa tchuthi tinkasaka ana a m'dera lathu ophunzira ku sukulu zogonera kuti tikope manotsi awo ndi kuona mapepala a mayeso akale. Ahedi athu, titawapempha, anakatipezera mwayi pa sukulu ina yokhala ndi labotale kuti tikaone ndi kugwira zipangizo tisanalembe mayeso. Mwana amene sakudziwa kumene akupita, mphunzitsi akasowa amangosangalala kuti lero kulibe phunziro.

Za ndalama mayi ndi amalume anayamba kukambirana chaka chomwecho. Anagula mbuzi yaikazi n'kunena poyera, abale onse akumva, kuti iyi ndi ya sukulu ya Naphiri, siyogwira pamaliro kapena pachinkhoswe. Kunena poyera kumeneku kunali kofunika, chifukwa kwathu chiweto chopanda dzina chimatha ndi mavuto a mudzi. Mbuzi ija inaswana, ndipo ana ake ndi amene anagula njinga imene ndinkayendera kusukulu, kulipira mayeso, ndi kundigulira sutikesi ndi zofunda popita ku koleji. Mayi analowanso banki m'khonde, ndipo chaka chilichonse pokolola ankapatula matumba ena a mpunga osagulitsa nthawi imene mavenda amagula motchipa, n'kudikira miyezi imene mtengo umakwera.

Anthu ena amati za koleji boma limapereka ngongole, bwanji kuvutika. Ngongoleyo ilipodi, imaperekedwa ndi bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. Koma imafunsiridwa, si aliyense wofunsira amene amaipeza, ndipo imabwezedwa ukamaliza. Ngakhale waipeza, ndalama ya basi yochokera ku Salima, ya nyumba ya lendi ngati malo ogona pasukulu asowa, ya sopo, ya kusindikiza ntchito, zonsezi zimafuna kuti m'thumba mukhale kanthu sabata yoyamba yomwe. Ndawaona ana osankhidwa bwinobwino akuchedwa kukayamba chifukwa banja linayamba kusaka ndalama tsiku limene dzina linatuluka. Zaka 4 za sekondale ndi zokolola 4. Banja losauka silingapeze ndalama yaikulu mwezi umodzi, koma likhoza kupatula pang'ono pa zokolola zinayi. Ngati mwana ndi wamasiye kapena banja lilibiretu pogwira, pitani kwa ahedi ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo mukafunse za mabasale mwana akungolowa Fomu 1, osadikira kuti athamangitsidwe kaye.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamaliza anthu misozi: dzina. Dzina limene mwana walembetsa pa mayeso a Sitandade 8, kalembedwe kake ndi tsiku lobadwa, zikhale zomwezo pa JCE, pa MSCE ndi pa chiphaso cha unzika chimene amatenga akakwana zaka 16. Kwathu kuno mwana amatha kukhala ndi dzina la kutchalitchi kapena la kumzikiti, dzina la agogo, ndiponso mfunda wa bambo omupeza. Msuweni wanga analembetsa mayeso ena ndi dzina la bambo ake omubereka, ena ndi la amene anamulera. Pofunsira malo ndi ngongole mapepala ake ankaoneka ngati a anthu awiri, ndipo anayenda maulendo ambiri m'maofesi, ndalama yoyendera n'kutha, nthawi yofunsira n'kutsala pang'ono kutsekedwa. Ine amalume anapita okha kwa ahedi a pulayimale kukaona m'mene dzina langa lalembedwera, n'kulikopera m'kabuku kawo chilembo ndi chilembo.

Kwa atsikana ndiyankhule mosapsatira. M'mbali mwa nyanja ndalama imayenda m'manja mwa anyamata aang'ono. Usipa ukagwidwa bwino, mnyamata amene anasiya sukulu Sitandade 6 amakhala ndi ndalama zoposa za mphunzitsi tsiku limenelo. Mtsikana amene akuyenda mtunda wautali kupita kusukulu ndi njala, kapena amene akuchita lendi kanyumba pafupi ndi sukulu popanda wamkulu womuyang'anira, amakumana ndi mayesero tsiku ndi tsiku. Mayi anga sanadikire kuti ndifike Fomu 2. Miyezi yomweyo ya tchuthi anandikhazika pansi pamodzi ndi azakhali n'kundiuza zonse, ndipo anandilonjeza kuti sopo, mafuta odzola ndi zofunika za mwezi ndi mwezi ndizipempha kwa iwo popanda manyazi. Analisunga lonjezo limenelo ngakhale chaka cha njala. Ndipo ngati mtsikana wapezeka ndi pakati, ulendo sunathe: ndondomeko ya boma imalola kuti akabereka abwerere kusukulu. Mnzanga wina wa pansi pa mango paja anabwerera motero, lero ndi mphunzitsi.

Anyamata nawonso nyanja imawakoka, ndipo makolo amachedwa kuona chifukwa mwana akubweretsa ndiwo pakhomo. Mnyamata wokonda nyanja muuzeni kuti ku Mangochi kuli Malawi College of Fisheries, ndipo ku LUANAR ndi ku Mzuzu University amaphunzitsa zansomba mpaka digiri.

Ndinakhoza MSCE ndipo ndinasankhidwira ku Bunda. Pamene ndinkafika inali itasanduka LUANAR. Zinthu zasintha kuchokera pa tsamba la amalume lija. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa patatu: Polytechnic ya ku Blantyre inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo Chancellor College ndi imene inatsala ndi dzina la UNIMA. Kulinso yunivesite ya sayansi ya MUST ku Thyolo. Kufunsira malo m'mayunivesite a boma tsopano kumadzera ku bungwe loona za maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite la NCHE, ndipo chidziwitso chake, chokhala ndi zofunika pa phunziro lililonse, chimatuluka chaka ndi chaka m'nyuzipepala ndi pa intaneti. Mayeso a JCE, amene anaimitsidwa kwa zaka zingapo, anabwereranso mu 2021. Physical Science imene ife tinkalemba ngati phunziro limodzi tsopano ndi Physics payokha, Chemistry payokha. Choncho musadalire zimene munamva kalekale. Pezani chidziwitso cha chaka chino.

Komanso koleji si yunivesite yokha. Malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa poyerekeza ndi ana amene amayenerera, ndipo mwana amene anangouzidwa za digiri yokha akasiyidwa amaona ngati moyo watha. Kuli makoleji a zauphunzitsi monga Lilongwe TTC ndi Kasungu TTC, kuli Domasi ndi Nalikule ophunzitsa aphunzitsi a sekondale, kuli Malawi College of Health Sciences ndi masukulu a unamwino a mipingo monga Nkhoma, kuli maphunziro a luso la manja odzera ku TEVETA, ena mwa iwo pano pa Salima pomwe. Ambiri mwa amenewa amafunanso MSCE yabwino, ndipo Chingerezi ndi masamu zimabwerabwera pa zofuna zawo. Pa tsamba lija amalume analembanso njira yachiwiri ndi yachitatu pambali pa Bunda, ndipo zimenezo zinandichotsa mantha polemba mayeso.

Ngati muli ndi mwana wa Sitandade 7 kapena 8 ndipo pabanja panu palibe amene anafikako ku koleji, pemphani mphunzitsi kapena wachinyamata wa foni ya intaneti akutsitsireni chidziwitso cha NCHE cha chaka chatha, mukachisindikize pa malo osindikizira pa Kamuzu Road kapena pa msika wapafupi. Mukhale pansi ndi mwanayo achiwerenge mokweza, asankhe maphunziro atatu amene amukopa, alembe zofunika zake pa pepala, ndipo pepalalo mukapite nalo kwa ahedi a sekondale sabata yoyamba ya Fomu 1 mukafunse ngati maphunziro amenewo amaphunzitsidwa pa sukulupo mpaka Fomu 4. Akati ayi, mukhala ndi zaka ziwiri zosakira njira ina mwana asanafike posankha.